Nsanja ya Atsibweni

"Ndiye mukufuna ndikanene ine? Wa chitetezo ndine kodi? Chipewa choyera chija anapatsa ine?"

Madalo anaponya lichero pansi, mtedza n'kumwazika pakhonde ponse. Mwamuna wake Gerald anali pampando, nsapato za kuntchito asanavule, akuyang'ana zala zake.

"Tatsitsani mawu, mayi a Tiyanjane. Anthu amva."

"Amve! Si zimene mukufunazo? Mukuti mitengo yafumbwa, anthu agwa, koma mukunong'oneza ine pakhonde pano ngati mukundifunsira kachiwiri."

"Inu simukumvetsa. Kapitawo pantchito paja ndi atsibweni anu. Ine ndiime pamaso pa anthu, ndiwauze a Eneya kuti nsanja yawo ndi yowola? Malo tamangapo nyumbawa anatilozera ndi iwo. Munda anatidulira ndi iwo. Ntchito yomweyi anandilankhulira ndi iwo. Mkamwini asamakule mwendo."

"Kusukulu kuja anakuphunzitsani kuti nsanja imayamba yafunsa ngati wakwerayo ndi mkamwini kapena mwini mudzi?"

Kampani ina ya ku Lilongwe inkamanga shedi yaikulu yosungiramo soya ndi mtedza m'mbali mwa msewu wa ku Ludzi. Makoma anali atafika patali, ndipo omanga ankakwera pa nsanja ya mitengo ya bulugamu yokhomedwa ndi misomali, matabwa pamwamba. A Eneya, mlongo wawo wa amayi a Madalo, ndiwo anali mwini mbumba kumudzi, ndiwonso kapitawo kuntchito. Gerald, wa ku Kapondo, anali pachikamwini. Kampani inamuika kuti aziyang'anira chitetezo cha antchito. Inamupatsa chipewa choyera ndi wenzulo, n'kumuuza kuti akaona choopsa aimbe, ntchito yonse iime, kaya pali ndani. Wenzuloyo anali asanalirepo.

"Mitengo ija si yatsopano," anatero Gerald. "Anakaitenga kumene anamanga chaka chatha. Yagona pansi dzinja lonse, chiswe chadya m'kati. Lero ndabaya umodzi ndi msomali, walowa ngati m'papaya lakupsa. Lachinayi likubwerali tithira konkireti pamwamba pa khoma. Anthu, ndowa, simenti yonyowa, zonsezo pa nsanja imeneyo."

"Greyson akwera nawo?"

"Mlongo wanu ndiye amakhala pamwamba penipeni."

Madalo anakhala pansi, natola mtedza uwiri utatu, n'kuutayanso.

"Imbirani foni bwana wa ku Lilongwe."

"Ndaimba. Akuti ndikambirane ndi kapitawo, popeza ndife pachibale sizivuta. Iwo chawo n'chakuti denga lithe soya asanayambe kubwera."

"Ndiye kambiranani."

"N'zimene ndikuchitazi. Inu muwauze amayi, amayi akawauze achimwene awo. Njira yake ndi imeneyo."

"Imeneyo ndi njira ya chinkhoswe ndi maliro. Manyazi anapha lambe, bambo a Tiya."

Anakalipa, koma anapita. Anawapeza amayi ake, a Consolata, akusankha nyemba kuseri kwa nyumba, ndipo anawauza mosazungulira: mitengo ya nsanja yafumbwa, Lachinayi anthu agwa.

"Tseka pakamwa, iwe!" A Consolata analavula timate pambali. "Mawu otere sanena. Mlongo wako amakwera pamenepo, iwe n'kumaitana tsoka?"

"Sindikuitana ine, amayi. Chiswe ndicho chaitana."

"Achimwene anayamba kumanga iwe usanabadwe. Mwamuna wakoyo waphunzira miyezi ingati? Iye yekha ndiye ali ndi maso?"

"Kaya miyezi ingati, msomali walowa. Mukanena kapena simukanena?"

"Ndikanena. Koma pali kanenedwe kake."

Kanenedwe kake kanali aka. M'mawa mwake a Consolata anatenga mbatata yophika m'mbale n'kupita kwa achimwene awo. Anakamba za mvula imene inasiya msanga. Anakamba za maliro a kwa Zulu, ndi za mwana wa aneba amene anathawira ku Chipata. Ataimirira kuti azipita, akumanga chitenje, ndiye anati, "Paja ana aja amati muziyang'anako timitengo tija, mukapeza kanthawi."

Mawu anachoka kwa Gerald ali nkhwangwa, n'kukafika kwa a Eneya ali nthenga ya nkhuku. Koma nthengayo inawatokosa m'khutu.

"Ana ake ati?" anafunsa a Eneya. "Kamnyamata ka ku Kapondo kaja? Kakutuma iwe?"

"Iyayi, achimwene, ndimangocheza."

"Chabwino. Ndamva."

Tsiku lomwelo Gerald atangolowa pageti la pantchito, a Eneya anakweza mawu kuti aliyense amve.

"Anyamata, imani kaye! Abwana a sefite afika. Vulani zipewa!"

Anthu anaseka, chifukwa zipewa zovulazo panalibe. Zinali m'sitolo, zotsekeredwa pamodzi ndi majombo ndi malamba, kudikira tsiku lobwera alendo. A Eneya anapita pa nsanja, namenya mtengo umodzi ndi chidendene.

"Wagwa? Ine ndamanga matchalitchi, masukulu, zigayo, mpaka kutsidya kwa malire uko. Palibe munthu anagwapo pa nsanja yanga. Tsono lero kukhale munthu woti akaona nyerere pa mtengo athamangire kwa azimayi? Wamkulu sauzidwa. Tiyeni, matope abwere!"

Gerald anangoti, "Zikomo, bambo." Mtengo umene anamenyawo unali umodzi mwa abwino. A Eneya ankaudziwa, nayenso Gerald ankaudziwa.

Masana anamupeza mlamu wake Greyson pamthunzi wa khoma akudya chinangwa ndi mchere.

"Alamu a sefite!" anatero Greyson. "Wenzulo wanuyo mutibwereke Lamlungu, kumpira tikusowa woimbira. Kuno akungochita dzimbiri."

"Alamu, zoseka tisiye kaye. Lachinayi musakwere."

"Ndisakwere? Atsibweni ndiwauze kuti chiyani, ndili ndi pakati?"

"Munene kuti mutu ukupweteka."

"Ndiye akweza Stefano, amene anakwatira dzanadzanali. Stefano alibe mayi ake? Mitengo ija nanenso ndimaimva, alamu. Ikamalira ine ndimakhala pamwamba pake. Koma ine ndine womanga, changa ndi chipande. Wenzulo ali ndi inu. Imbani, woyamba kutsika ndine, mundiona ndikutsetsereka ngati nyani."

Lamlungu pochoka ku tchalitchi a Eneya anamuimitsa Madalo panjira, anthu akudutsa.

"Iwe mphwanga, ukamuuze mwamuna wako. Mlendo ndi mame, dzuwa likatuluka amakamuka. Tsiku limene adzandichititse manyazi pamaso pa antchito anga, adzatenge kabulangete kake azibwerera ku Kapondo. Ana asiye, ndi a mbumba ino."

"Atsibweni, iwo akungonena za mitengo."

"Mitengo ndi yanga. Mudzinso ndi wanga."

Mawu amenewa sanafewe panjira ayi. Anafika kwa Gerald onse amphumphu, monga anatulukira. Mawu a mwini mudzi satayika.

Lachinayi kunacha bwino. Makina osakaniza konkireti anayamba kulira m'mamawa, azimayi akutunga madzi, ndowa zikukwera kuchoka m'manja kupita m'manja. Pamwamba panali Greyson ndi anzake, ndipo pathabwa lapakati panali Eliza, mayi wa ana awiri, akulandira ndowa n'kumapatsira. Dzuwa litakwera, Gerald anaona fumbi losalala ngati ufa likuyoyoka pa mtengo wa pakona. Anayandikira. Mtengowo unali utapindika, msomali wa pamtanda ukutuluka pang'onopang'ono.

Anaika wenzulo pakamwa. Anayang'ana kumene kunali a Eneya. Anali chapafupi, akukangana ndi dalaivala wa lole ya mchenga.

Gerald anachotsa wenzulo uja pakamwa. Anaganiza kuti akawauze mwakachetechete, kuti lamulo lotsitsa anthu lichoke pakamwa pa eni ake, pasakhale wochita manyazi. Anayenda mofulumira, ndipo atafika anachita zimene anaphunzitsidwa kuyambira tsiku limene analowa m'mudzi muja. Anavula chipewa. Ananjuta chapambali. Anaomba m'manja pang'ono.

"Zikomo, bambo."

A Eneya anamuona. Anakweza dzanja kuti adikire, napitiriza ndi dalaivala.

"Mchenga uwu ndi wa dambo, uli ndi dothi. Ine ndinati wa kumtsinje!"

"Akapitawo, mchenga ndi womwewu tinabweretsa dzana."

"Dzana ndinalibe nthawi youyang'ana. Tagwira uone!"

Wamkulu akamalankhula samudula mawu. Gerald ananjutabe, chipewa pabondo, mwamuna wathunthu wa ana awiri, wolembedwa ntchito yoimitsa ntchito, akudikira kuti nkhani ya mchenga ithe.

Kumbuyo kwake kunamveka phwaa, kenako chiphokoso ngati ngolo yagubuduzika paphiri. Mbali yonse ya pakona inatsika pamodzi, matabwa, ndowa, konkireti ndi anthu. Azimayi a madzi anataya zidebe n'kuyamba kukuwa. Awiri anadzuka okha akutsimphina. Eliza anamutulutsa mkono utapindikira kumene mkono supindikira. Greyson anamupeza pansi pa thabwa, maso ali otsegula, simenti ili m'kamwa.

"Alamu," anatero, "miyendo yanga ili kuti?"

Inali pompo, koma iye sankaimva. Anawanyamula pa lole ya mchenga yomweyo kupita nawo ku chipatala cha kuboma. Eliza anamumanga chikhakha. Greyson anamutumiza ku Lilongwe, ndipo uthenga unabwera wakuti msana wathyoka, za kuyenda asayembekezere msanga.

Bwana wa kampani anabwera m'mawa mwake, ndipo tsiku limenelo aliyense pantchito anali ndi chipewa ndi majombo. Anafunsa funso limodzi: wenzulo analira? Sanalire. Gerald anamulanda chipewa choyera n'kumuuza kuti asadzapondenso pageti. A Eneya anatsala, chifukwa denga linali lisanathe ndipo soya sadikira.

Kumudzi nkhani inatembenuka msanga. Kuchitsime ankanong'onezana kuti munthu anadziwa bwanji tsiku lenileni. Anati Lachinayi, Lachinayi n'kugwadi. Ena anati anamuona akubaya mitengo ndi msomali, ndani akudziwa chimene anapaka kumsomaliko. Ena anati pa nthawi imene nsanja inkagwa iye anali atanjuta, akuomba m'manja.

Patapita masabata awiri a Eneya anaitanitsa bwalo la pabanja pakhomo pa a Consolata. Ku Kapondo kunachokera a Anasi, mkulu wake wa Gerald, amene anali nkhoswe yake. Amuna anakhala pamipando, akazi pamphasa. Gerald anakhala payekha pa njerwa, mutu uli pansi.

"Sinditalikitsa," anayamba a Eneya. "Nsanja yanga sinagwepo chiyambire. Kwabwera munthu uyu, walosera, zachitika. Mphwanga ali gone ku Lilongwe. Pali utsi pali moto. A Anasi, tinabwereka tonde kuti atiberekere, osati kuti atigwetsere khola. Mutengeni munthu wanu."

"Pepani, apongozi," anatero a Anasi, akusisita zikhato. "Mwana akalakwa amamulangiza. Mwina tikanakhala pansi..."

"Takhala kale pansi. Kapena mukufuna tikaombeze, zituluke zambiri?"

"Palibe chokaombeza apa."

Onse anatembenuka. Anali Madalo, ndipo anali ataimirira.

"Khala pansi, iwe," anatero amayi ake. "Pano pali akuluakulu."

"Takhala pansi mokwanira, amayi. Mwamuna wanga anakhala pansi, onani zimene zinachitika. Atsibweni, wogwetsa nsanja ndi chiswe. Mitengo munakaitola kumene inagona dzinja lonse. Yatsopano imene kampani inalola kuti mugule ili kuti? Bwanji simunaigule?"

"Iwe, ukulankhula ndi ine?"

"Ndi inu nomwe. Mukuti analosera. Munthu akaona mitambo yakuda n'kunena kuti kugwa mvula, ndiye kuti ndi mfiti? Anati Lachinayi chifukwa Lachinayi ndi limene munakweza konkireti. Ndi mwana yemwe akanadziwa."

"Ine palibe anandiuza kuti anthu agwa!"

"Amayi, ine ndinakuuzani chiyani kuseri kuja?"

A Consolata anayang'ana pamphasa.

"Nenani, amayi. Greyson akukodzera m'paipi ku Lilongwe. Nenani."

"Unati mitengo yafumbwa, anthu agwa."

"Inu munakanena chiyani?"

"Ndinati... aziyang'anako timitengo, akapeza nthawi." Anadzutsa mutu. "Ndikanatani, mwanawe? Ndi achimwene anga. Munthu sungangofika n'kuwalalatira."

"Mwamva!" anatero a Eneya, akuloza ndi chala. "Timitengo! Ine ndikanadziwa bwanji?"

"Munadziwa. Mukanapanda kudziwa, simukanasankha mtengo wabwino womenya ndi chidendene. Simukanandiimitsa panjira ya ku tchalitchi kuti ndikatseke pakamwa pa mwamuna wanga. Woopsezayo mawu ake anafika onse, wochenjezayo mawu ake anathera panjira."

Gerald anadzutsa mutu ngati akufuna kuthokoza. Madalo anamutembenukira.

"Inu musandiyang'ane choncho. Nanunso ndili nanu mlandu, ndipo sudzatha chaka chino. Mlongo wanga anakuuzani kuti imbani, nditsika. Wenzulo anali pakamwa panu, munamuchotsa nokha. Munasankha ulemu. Ulemu umenewo mukam'patse Greyson aziyendera."

"Ndi zoona," anatero Gerald. "Ndinaopa kutaya inu ndi ana. Ndinanjuta. Sindidzakana."

"Wavomera yekha!" anatero a Eneya. "A Anasi, nkhani yatha. Dzuwa la mawa lisamupeze m'mudzi muno."

"Akachoka, ndichoka naye," anatero Madalo. "Ine ndi ana anga."

Pamphasa panamveka mfuu. Mkazi wa m'mudzi muja sankachoka pamalo a amayi ake kutsata mwamuna wothamangitsidwa. Zinali zisanachitikepo.

"Wapenga!" anakuwa a Eneya. "Ana ndi a mbumba ino! Mbumba ndi yanga!"

"Mbumba yake iti? Imene mumaikweza pa mitengo yofumbwa? Tiyanjane ndi mng'ono wake akadzakula mudzawakwezenso? Uyu ndi wamantha, koma analakwa akudziwa kuti akulakwa, ndipo wavomera. Inu mpaka pano mukufunafuna mfiti. Chibale ndi fupa, sichiwola, ndikudziwa. Koma fupa limathyoka, atsibweni. Pitani ku Lilongwe mukaone."

A Eneya anaimirira, natenga chipewa chawo, n'kuchoka osatsanzika. A Anasi anatsala akusisitabe zikhato, osadziwa womupepesa.

Loweruka m'mawa katundu anali pangolo: matiresi, mapoto, matumba a chimanga ndi nkhuku zomangidwa miyendo. Gerald ndi ana anatsogola. A Consolata anaperekeza Madalo, akuyenda wapansi, mpaka pamsewu waukulu pamene shedi ija inkaonekera. Mkati mwa mpanda anyamata anali kusankha mitengo pamulu wa imene inagwa ija. Yothyoka ankaponya kumbali, yooneka yathunthu ankaimika. Wina anali kuwongola misomali yakale pamwala.

Madalo anaima.

"Mukuona, amayi?"

"Ndikuona."

"Lolemba akwera. Stefano akwera, ndi mwana wa a Veronica uja, ndi ena onse. Wa chitetezo watsopano sanabwere, ndipo akabwera adzapeza kapitawo yemweyo."

"Ndiye ine nkhalamba nditani? Mwana mmodzi ali m'chipatala, wina akundithawa."

"Sindikukuthawani. Ku Kapondo si kumwamba, mudzabwera, nanenso ndizibwera kudzasamala Greyson akatuluka. Koma m'mudzi muno watsala ndinu nokha amene atsibweni sangamuthamangitse. Munabadwa mimba imodzi. Sangakulandeni munda, sangakuuzeni kuti mutenge bulangete."

A Consolata anapukuta maso ndi nsonga ya chitenje.

"Akwiya, Madalo. Sadzandilankhulanso."

"Akwiye. Mkwiyo suthyola msana wa munthu. Musapite kunyumba kwawo, pitani pageti apo. Itanani amayi a Stefano, itanani a Veronica, itanani Eliza ndi chikhakha chakecho, mukaime pansi pa mitengoyo. Mukanene mokweza, antchito onse akumva, kuti yafumbwa ndipo mwana wa munthu asakwerepo mpaka itabwera yatsopano. Musachepetseko liwu ngakhale limodzi. Chonde, amayi, pitani lero, Lolemba lisanafike."